Mphunzitsi wothetsa mantha m'bwalo: zimene timu yathu ya ku Bembeke inapeza

Ndine mlembi wa komiti ya timu ya anyamata ya mpira wamiyendo kuno ku Bembeke, m'boma la Dedza, ndipo ndalemba izi kuti makomiti anzathu adziwe zimene ife tinapeza titaitana bambo wina wa pa Dedza boma, amene amayendera matimu ang'onoang'ono kuthandiza osewera pa nkhani ya mantha ndi kudzikayikira. Tinagwirizana kuti azibwera Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri, ife n'kumawapatsa ya ulendo ndi kangachepe ka thukuta lawo.

Anyamata athu amasewera mokoma pokonzekera, koma akangoona anthu atazinga bwalo, miyendo imawalemera, aliyense n'kumataya mpira msanga ngati ukumuotcha. Mmodzi mwa iwo, wogoletsa wathu wodalirika, anaphonya penate chaka chatha, masapota anamunyoza mpaka pamsika, ndipo kuyambira tsiku limenelo woyimbira akaloza penate iye ankayang'ana pansi.

Tsiku loyamba bambowa anamufunsa kuti, "Iwe, mtima ukamagunda choncho umaganiza kuti chachitika n'chiyani?" Mnyamatayo anayankha kuti, "Akochi, ndimaona ngati andimanga miyendo." Apa ndi pamene ndinayamba kuwalemekeza, chifukwa sanamuseke ndiponso sanatsutsane naye za mankhwala, nkhani imene tonse tikudziwa kuti imavuta m'mabwalo athu. M'malo mwake anathamangitsa timu yonse kuzungulira bwalo kawiri, kenako anauza aliyense kuti agwire pamkono n'kuwerenga kugunda kwa mtima, ndipo anafotokoza kuti thupi likayembekezera chinthu chachikulu limafulumiza mtima ndi mpweya mofanana ndi mmene limachitira pothamanga, kotero kuti kunjenjemerako ndi thupi lokonzeka kugwira ntchito.

Gawo limene ndinaliona la phindu kwambiri ndi la penate. Womenya ankaika yekha mpira pa mamita 11 aja, kubwerera mapazi ofanana nthawi zonse, kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi kuutulutsa, n'kusankha mbali wezulo isanalire osasinthanso maganizo. Anzake onse ankaima kuseri kwa golo akumenya zigubu ndi kukuwa kuti "waphonya kale!", kuti phokoso lija lizolowereke lisanafike tsiku la masewero. Anaikanso lamulo lakuti wina akalakwitsa, mnzake amene ali pafupi amutchule dzina ndi kumulimbikitsa mpira usanapitirire, ndipo kaputeni ndiye ankayang'anira lamuloli. Tsiku lina anawaonetsa pafoni chigoli chimene Gabadinho Mhango anagoletsa Morocco ali patali kwambiri pa 25 January 2022 ku Cameroon, ndipo anawakumbutsa kuti munthu woopa kusekedwa sakanayesa kumenya ali pamenepo, komanso kuti Flames inagonja 2-1 tsiku lomwelo koma palibe amene amaikumbukira ndi manyazi.

Zofooka zilipo ndipo sindizibisa. Mapepala amene ankagawa anali m'Chingerezi, pamene anyamata athu angapo analekeza sukulu ku pulayimale, choncho ambiri anangowapinda n'kuwaika m'thumba. Goloboyi wathu, amene amasenza mantha aakulu kuposa onse chifukwa kulakwa kwake kumaoneka ndi aliyense, sanapatsidwe nthawi yakeyake ngakhale tsiku limodzi. Kawiri bambowa anafika mochedwa chifukwa cha minibasi, anyamata atazizidwa kale ndi mphepo ya mwezi wa June, moti maphunziro a masiku amenewo anali othamanga. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti sanakumane ndi makolo kapena masapota, pamene mawu amene amaswa mitima ya ana amenewa amachokera kwa ife tomwe amene timaima m'mbali mwa bwalo.

Pa masewero athu ndi timu ina ya ku Lobi, woyimbira analoza penate ndipo mnyamata uja anapita yekha kukatola mpira. Goloboyi wawo anaugwira, koma kaputeni wathu anathamangira mnyamatayo n'kumutchula dzina, ndipo Loweruka lotsatira mnyamatayo anali woyamba kufika pabwalo. Komiti yagwirizana kuti tiwaitanenso bambowa mvula isanayambe, pokhapokha atabweretsa mapepala a m'Chichewa ndi kupatula tsiku limodzi la goloboyi ndi lina la makolo.