Baseball-Reference pa nkhani ya oponya mpira akale: manambala ndi odalirika, koma sakuuzani malamulo a nthawiyo

Ngati mukufuna kudziwa kukula kwa ntchito imene oponya mpira ankagwira pamene baseball inkayamba kukhala ya malipiro ku United States, yambirani pa webusaiti ya Baseball-Reference, yomwe Sean Forman anakhazikitsa mu 2000. Masamba a osewera ndi aulere. Lembani dzina, pitani pa tebulo la Standard Pitching, ndipo muyang'ane zigawo zinayi. G ndi masewero onse amene woponyayo analowamo, GS ndi amene anayamba, CG ndi amene anaponya mpaka mapeto, IP ndi ma inning (ndime za sewero) amene anaponya.

Pamenepa webusaitiyi ilibe chilema. Will White wa Cincinnati mu 1879 anayamba masewero 75, onsewo n'kuwamaliza yekha, ma inning n'kukwana 680. Charles Radbourn wa Providence Grays mu 1884 anayamba 73, anamaliza 73, ma inning 678.2. Samalani ndi kadontho ako: .2 ikutanthauza omenya awiri otulutsidwa mwa atatu a inning imodzi, osati magawo awiri mwa khumi. Mukakopera manambalawa mu Excel n'kuwaphatikiza mmene alilimo, yankho lilakwika.

Chofooka chake n'chakuti tebulo la 1879 limafanana ndendende ndi la chaka chino, chonsecho malamulo anali ena. Kufikira 1880 woponya ankaima mafiti 45 kuchokera kwa womenya. Mu 1881 anakhala mafiti 50, ndipo mtunda wa lero wa mafiti 60 ndi mainchesi 6 unabwera mu 1893. National League, ligi yaikulu ya nthawiyo, inalola kuponya dzanja likudutsa pamwamba pa phewa mu 1884. White ankaponyera m'munsi, kaponyedwe kosavulaza phewa msanga. Komanso kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, timu sinkaloledwa kulowetsa wosewera wa pabenchi pokhapokha wina atavulala. Woponya akatopa ankangosinthana malo ndi mnzake amene ali kale m'bwalo, nthawi zambiri wa ku right field, kumapeto kwa bwalo mbali ya kumanja. N'chifukwa chake CG ndi GS zimangotsala pang'ono kufanana. Sikuti anthuwo anali achitsulo, ambiri dzanja linkawathera m'zaka zochepa. Zonsezi tebulo silikuuzani.

Chiwerengero cha G chimanyenganso. Mike Marshall analowa masewero 106 mu 1974, kuposa White, koma ma inning ake anali 208.1 okha poti ankalowa kumapeto. Poyerekeza zaka zotalikirana chonchi, gawani IP ndi masewero onse a timuyo. Jim Devlin wa Louisville mu 1877 anaponya inning iliyonse ya timu yake, ndipo ma inning 559 paokha sangakuonetseni zimenezi.

Chiwerengero cha kupambana musachidalire kwambiri. Radbourn ena amamulembera 59, ena 60, chifukwa cha sewero limodzi la mu July 1884 limene analowa pakati, malamulo opereka chipambano kwa woponya asanakhazikike.

Chokhumudwitsa kwa wofufuza mozama n'chakuti kwa oponya a m'ma 1880 mulibe mndandanda wa sewero ndi sewero, ndiye simungaone masiku amene munthu anapuma. Apa pamafunika webusaiti ina, Retrosheet, yomwe mafayilo ake amayambira 1871 ndipo amatchula tsiku la sewero ndi woponya amene analiyamba. Chiwerengero cha mipira yoponyedwa pa sewero musachiyembekezere kumene. Pa Baseball-Reference chimayambira kwenikweni mu 1988.