Mabakuli ndi masupuni a pulasitiki wa chamba: zimene ndaona m'miyezi 9

Ndiyambe ndi kuyankha funso limene latopetsa makutu anga: ayi, nsima ya m'mabakuli amenewa siledzeretsa. Oyamba kufunsa anali apongozi anga. Atamva kuti ziwiya zatsopano zija n'zachamba, anakankhira bakuli lawo kutali n'kunena kuti, "Ine mundipakulire m'mbale yanga yachitsulo ija, ndisakavine pamsewu ndi imvi zonsezi." Chamba chake si chija chotchuka cha ku Nkhotakota. Ndi mtundu wina wotchedwa hemp, umene amaulimira ulusi wa m'tsinde ndi njere zake, ndipo mankhwala ozunguza mutu aja, THC, ndi ochepa kwambiri mumtundu umenewu. Komanso chimene chinalowa m'bakulimo ndi ulusi wa tsinde basi, osati masamba kapena maluwa. Apongozi sanakhutire, mpaka lero amadyera m'mbale yawo yachitsulo.

Ine ndimaphika chakudya chamasana n'kumakaperekera anthu m'maofesi ndi m'mashopu a ku Limbe. Tsiku labwino ndimapakula mbale 15, nthawi zina 18. Kale ndinkapakulira m'timabokosi toyera tija ta takeaway, n'kuika mu jumbo, kasupuni kotaya pamwamba. Ndalama zinkapita sabata iliyonse, ndipo aliyense wodutsa pamtsinje wa Mudi mvula yoyamba ikagwa amadziwa kumene zinthu zimenezi zimathera. Boma linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 kalekale mu 2015, nkhani inakokana m'makhoti, Khoti Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma pamsika majumbo amangosowa sabata imodzi n'kubweranso. Ndinafuna ziwiya zoti kasitomala adyere, ine nditenge, nditsuke, mawa ndipakulirenso.

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndiye ananditumizira zithunzi pa WhatsApp. Anazipeza pa shopu ina ya pa intaneti kumeneko. Ogulitsawo analemba kuti ndi pulasitiki wopangidwa ku zomera, wosawononga nthaka, wobwerera kudothi. Ndinaitanitsa mabakuli 20 okhala ndi zivundikiro ndi masupuni 24. Anabwera nazo pa basi mu December. Bakuli limodzi linandidyera ndalama zimene ndikanagulira mabakuli anayi pamsika wa Limbe, osawerengera ya katundu pa basi.

Maonekedwe ake ndi okongola, ndisaname. Mtundu wake ndi wotuwa ngati mgaiwa, muli timadontho tabulauni, ndipo ukayang'anitsitsa padzuwa umaona timaulusi tating'onoting'ono mkati mwake ngati madeya m'chigumu. M'manja silimveka ngati pulasitiki woterera uja, limakhakhala pang'ono, choncho silipulumuka ngakhale manja ali ndi sopo. Masiku oyamba linkanunkhira ngati udzu wouma wofolera nyumba, makamaka ukathiramo chotentha. Fungolo linatha nditatsuka kanayi kapena kasanu, ndipo silinalowepo m'chakudya. Makasitomala ena amafunsa kuti kodi n'zamtengo kapena zadothi.

Mabakuliwo ndi olimba. Mnyamata amene amandinyamulira pa njinga anagwa nawo kawiri, kamodzi pa tara penipeni, nyemba zinamwazika koma bakuli silinasweke ngakhale limodzi. Ndimapakuliramo nsima yochoka pambaula pompo, silipindika, ndipo chivundikiro chimatsekabe bwino. Mwa 20 aja ndatsala ndi 17: awiri anapita ndi makasitomala amene anasamuka osatsanzika, limodzi ndinalidula ndekha, ndifotokoza chifukwa chake. Chondidandaulitsa n'chakuti amathimbirira. Msuzi wa tomato wothira kale (curry) umalowerera m'timaulusi tija, ndipo mkati mwa mabakuli onse tsopano muli chikasu chosachoka ndi sopo. Ndinayesa kukwecha limodzi ndi sitiliwulu, ndinalakwitsa. Linakalika, timaulusi tinadzuka ngati ubweya, ndipo mafuta amakanirira pamenepo. Tsukani ndi kasiponji kofewa, muumitse mosavundikira. Ndinaunjika ena ali onyowa nthawi ya mvula ndipo m'mphepete mwa chivundikiro munachita timadontho takuda ta nkhungu.

Masupuni ndiye anandichititsa manyazi. Tsiku lina kunyumba ndinasiya supuni m'kapu ya tiyi wowira ndikuyankha foni, pobwera ndinaipeza itawerama ngati nkhalamba yotsamira ndodo. Ndinayesa ina m'phala la mwana, chimodzimodzi. Ikazizira imaumanso, koma imauma ili chipindikire. Kwa kasitomala wina supuni inafewera mu mpunga wotentha, ananditumizira chithunzi ndi mawu akuti, "Mayi, supuni yanu yaledzera." Ndinaseka, koma mumtima zinandiwawa.

Apa m'pamene ndinakatenga makatoni aja n'kuwerenga timalemba tating'ono ta kumbuyo, zimene ndinayenera kuchita ndisanatulutse ndalama. Mwana wanga wamkulu amene ali ku koleji anandithandiza. Zinapezeka kuti bakuli ndi supuni, ngakhale zikufanana mtundu, si pulasitiki mmodzi.

Supuni ndi ulusi wa hemp wosakaniza ndi PLA. PLA ameneyu amapangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe, ndiye kunena kuti ndi wa zomera si bodza. Koma amayamba kufewa kutentha kukafika madigiri 55 mpaka 60, pamene madzi a tiyi amawira pa madigiri pafupifupi 100. Nkhani ya kuwerama ija ndi imeneyo. Bakuli lija pansi pake pali zilembo ziwiri, PP, ndipo pakatoni analemba kuti hemp ndi magawo 30 pa 100. Magawo 70 otsalawo ndi polypropylene, pulasitiki wamba wochokera ku mafuta okumba pansi, yemweyo wa zidebe ndi mabeseni athuwa. N'chifukwa chake silimva kutentha kwa nsima. Chamba chija changolowamo ngati udzu umene timasakaniza m'dothi pomata, kuti lilimbe.

Ndisanawerenge zonsezi ndinali nditayamba kale kuyesa ndekha, poti ndine munthu wosakhulupirira msanga. Mu January, mvula ili pakati, ndinadula bakuli limodzi ndi sowo n'kutenga chidutswa chake, supuni imodzi yopindika ija, kachidutswa ka jumbo, chitsononkho ndi kansanza ka thonje. Zonse ndinazikwirira pakona imodzi ya dzala kuseri kwa nyumba, mmene timatayamo makoko a nthochi, phulusa ndi zitosi za nkhuku, n'kuzikapo kamtengo kuti ndisaiwale malo. Ndafukula sabata yatha, mu September, pokonza manyowa a kumunda. Kansanza kanatheratu, ndinangopeza timaulusi tiwiri titatu. Chitsononkho chinafumbutuka nditangochigwira. Jumbo ili momwemo ngati ndaikwirira dzulo. Supuni inada, inachita zikang'a pamwamba, ndipo nditaipinda mwamphamvu inathyoka, koma ikadali supuni, munthu akhoza kumwera phala. Chidutswa cha bakuli ndinachitsuka pampopi, ndinangoona kuti m'mphepete modulidwa muja, mmene ulusi unali poyera, mwachita timaenje ting'onoting'ono. Kwina konse chili gwa.

Supuni ija pakatoni pake analemba kuti imawola, koma mawu otsatira, ang'ono kwambiri, akuti imawola m'malo opangira manyowa a fakitale. Kumeneko mulu wa zinyalala amausunga pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 58 ndi chinyezi chokwanira kwa masabata ambiri. Dzala la kuseri kwa nyumba silifika pamenepo, ngalande ya m'mbali mwa msewu ndiye kutalitali. Bakuli ndiye siliwola n'komwe. Ulusi ukhoza kudyedwa ndi tizilombo ta m'dothi, koma polypropylene adzangosweka m'tizidutswa n'kutsala m'nthaka. Ndinawalembera ogulitsa aja kuwafunsa kuti nanga mawu oti chimabwerera kudothi anawatenga kuti. Patapita masiku 6 anandiyankha ndi uthenga wautali wonena za ubwino wa mbewu ya hemp, funso langa osalikhudza.

Ubwino wa mbewuyo sindikuutsutsa. Imakula msanga, miyezi itatu kapena inayi yakwana kudula, ndipo ulusi wake anthu akhala akupotera zingwe ndi matanga a zombo kwa zaka mazanamazana. Ku Ulaya, kumene France ndiye amalima hemp wochuluka, makampani a galimoto amasakaniza ulusi umenewu ndi pulasitiki popanga zamkati mwa zitseko, poti zimatuluka zopepuka koma zolimba. Iwo sanena kuti chitseko chidzawola, amanena kuti chapepuka ndipo chadya pulasitiki wochepa. Akanandiuza choncho za bakuli langa, kuti pa mabakuli 10 aliwonse mwapulumuka pulasitiki wokwana atatu, ndikanagulabe, mwina mosangalala kuposa mmene ndilili pano. Chandikwiyitsa ndi chithunzi cha kambewu kakumera m'bakuli chimene anajambula pakatoni.

China chimene chimandidya mumtima ndikamatsuka mabakuliwa n'chakuti kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimi wa chamba cha mtundu umenewu mu February 2020, ndipo mbewu zake anaziyesa kale kumalo ofufuzira za ulimi a ku Chitedze lamulolo lisanadutse. Koma ine bakuli la hemp ndachita kuitanitsa kunja, ladutsa pa Mwanza m'chikwama cha mlamu. Mchimwene wanga kumudzi ku Kasungu akadali pa fodya, chaka chilichonse kudandaula mitengo ya ku okushoni. Ndinamutumizira chithunzi cha bakuli, anangoyankha kuti, "Achemwali, laisensi yake mundilipirira ndinu?"

Pa nyenyezi zisanu zimene ogula amapereka poyamikira katundu, mabakuli ndikuwapatsa zinayi. Andichotsera ndalama ya timabokosi ta takeaway sabata iliyonse, ndipo pofika mwezi wa 6 anali atabweza ndalama zake. Koma ndivomereze kuti phindu limenelo labwera chifukwa ndimatsuka n'kugwiritsanso ntchito, ndipo bakuli lachitsulo kapena la pulasitiki wokhuthala la pamsika likanachita zomwezo pamtengo wotsika. Masupuni ndikuwapatsa imodzi, ndipo imodziyo n'chifukwa ana amadyera yogati ndi chiponde popanda vuto. Ogulitsa sindikuwapatsa kanthu.

Amayi anzanga a geni ya zakudya amene mwakhala mukundifunsa, musanatumize ndalama uzani wokugulirani ajambule pansi pa chiwiyacho ndi kumbuyo kwa katoni. Mukaona PP, pakuliranimo zotentha mtima uli m'malo, koma musadzachitaye kudzala poganiza kuti chisanduka manyowa. Mukaona PLA, chisayandikire tiyi, phala, kapena galimoto yoimikidwa padzuwa mu October. Makasitomala anga tsopano ndimawapatsa masupuni achitsulo amene ndinagula ku Limbe konkuno, ndinawalemba chizindikiro ndi penti ya zikhadabo kuti azibwerera. Supuni ya chamba ija ndi chidutswa cha bakuli ndazikwiriranso pakona yomweyo ya dzala, ndazikanso kamtengo, ndidzafukula mvula ya chaka chino ikatha.