Makalasi a Loweruka ophunzitsa ana kulemba: zomwe makope akuonetsa patatha materemu atatu

Kalasi yophunzitsa kulemba siyesedwa mwezi woyamba. Nthawi imeneyo mwana aliyense amakhala ndi changu, kope likadali latsopano. Zoona zake zimaoneka teremu yachitatu ikamatha, ndipo poika kope la Sepitembala pambali pa la Julaye, chimene chasiyanitsa ana ndi chimodzi: amene ankalembanso ntchito yawo itachongedwa apita patsogolo, amene ankangopatsidwa mutu watsopano sabata iliyonse aima pomwepo.

Dongosolo limene lagwira ntchito n'losavuta. Maola awiri pa sabata, ana osapitirira 15 pa gulu. Mphindi 20 zoyamba n'zowerenga ndime imodzi yolembedwa bwino, kenako mphindi 10 zolemba mfundo zinayi kapena zisanu pambali, mphindi 40 zolemba, zotsalazo kuwerengerana mokweza awiriawiri. Mwana amene sanaike mpumiro mpweya umamuthera pakati pa chiganizo, ndipo amadzigwira yekha mphunzitsi asanalankhule. Sabata yotsatira salemba zatsopano, amakonza zomwezo pa tsamba la kumanja, lakumanzere likusunga zoyamba zija.

Kachongedwe ndiye pagona nkhani. Tsamba lofiira lonse mwana saliwerenga, amangoyang'ana malikisi n'kutseka kope. Zolakwika za mitundu iwiri pa ntchito imodzi zikwanira. Pa Chichewa zobwerezabwereza ndi zomwezomwezo: kusokoneza l ndi r (r amabwera pambuyo pa e ndi i, n'chifukwa chake timalemba "kulira" ndi "kubwera", koma "kukula"), kuiwala nkhodolero pa "m'nyumba", ndi ndime imodzi yodzaza tsamba lonse yomangidwa ndi "ndiye… ndiye… ndiye". Za l ndi r zimatha msanga. Kugawa ndime kumatenga chaka chonse, chifukwa vuto lake si dzanja koma kusadziwa pamene mfundo yathera.

Zimene zalephera nazo zilipo. Kuphatikiza a Sitandade 5 ndi a Fomu 3 kuti ndalama ya mphunzitsi ikwane kumavulaza onse. Wa Sitandade 5 akulimbana ndi chiganizo. Wa Fomu 3 akufunika kalata ya ntchito, lipoti ndi chifupikitso. Kuloweza zimangirizo zolembedwa kale n'koipa kuposa apo. Mayeso a MANEB akayandikira, kaya ndi PSLCE, JCE kapena MSCE, makolo eni ake ndi amene amapempha zimenezi, ndipo malikisi a mayeso oyeserera amakweradi. Koma mutu ukangosintha pang'ono, mwana amakhuthula chimangirizo cha ukwati pa funso la maliro.

Achinyamata a foni amabwera ndi "zkm" ndi "bho" za pa WhatsApp. Izi sizoopsa monga akulu amaganizira. Zimachoka m'kope pakatha masabata ochepa, ndipo ana amenewa nthawi zambiri amalemba zokambirana zamoyo kuposa anzawo.

Musanalipire teremu ina, pemphani kope la mwana. Mukapeza mitu yambiri, uliwonse utalembedwa kamodzi ndi "Wakhoza" pansi pake, ndalamayo ndi bwino mugulire mabuku kapena mumulembetse ku laibulale ya National Library Service.