Mira, Vitz, Fit kapena Demio: funsani za giyabokisi musanafunse za penti

Pa magalimoto ang'onoang'ono ogwiritsidwapo kale ntchito, anthu amakanganira kwambiri Daihatsu Mira, Toyota Vitz, Honda Fit ndi Mazda Demio. Onse samwa petulo wambiri ndipo savuta kuimika pothina. Chimene chimawasiyanitsa pa ndalama zokonzetsera ndi giyabokisi, chinthu chimene ogulitsa ambiri satchula mukapanda kufunsa.

Mira ili m'gulu limene ku Japan amati kei. Lamulo la gululi limati injini isapitirire 660cc, galimoto isatalike kuposa mamita 3.4, m'lifupi isapose mamita 1.48, ndipo anthu okwera akhale anayi basi. Suzuki Alto ili m'gulu lomweli. Kwa munthu woyenda yekha kapena ndi mnzake mmodzi, kupita kuntchito ndi kubwerera, palibe yoiposa pa kusunga mafuta. Koma mukadzaza anthu anayi, n'kuyatsa AC, n'kufika pachitunda, mumaponda mpaka pansi galimoto ikungolira. Injini yake ya masilinda atatu imalowa oyilo wosakwana malita atatu, ndipo imazungulira mothamanga kuposa injini zazikulu, choncho oyiloyo amafooka msanga. Musinthe pa makilomita 5,000 alionse. Mira imene mwini wake ankazengereza pa oyilo imadziwika ndi utsi wabuluu komanso phala lakuda pansi pa chivundikiro chothirira oyilo.

Vitz, imene kumaiko ena amaitcha Yaris, imakondedwa chifukwa zipangizo zake sizisowa. Zopangidwa kuyambira 2005 zambiri zili ndi injini ya 1.0 yotchedwa 1KR-FE, ya masilinda atatu, yomwe imapezekanso mu Passo. Ikaima giya ili pa D imanjenjemera pang'ono mwachibadwa, koma chiwongolero chikamagwedezeka mpaka kumveka m'mikono, ndiye kuti ma mounting a injini atha. Ya 1.3 ya masilinda anayi imayenda mofatsa, ndipo kusiyana kwa petulo n'kochepa moti ndi imene tingasankhe pa ziwirizi.

Fit ndi yotakasuka m'kati kuposa zonse zinayi. Thanki ya petulo anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye mipando yakumbuyo imagona mpaka pansi kapena kupindikira m'mwamba, n'kusiya malo oti katundu wamtali aimirire. Chovuta n'chakuti dzina ndi limodzi koma magalimoto ndi osiyana. Yoyamba, ya 2001 mpaka 2007, ya injini ya 1.3 i-DSI, ili ndi mapulagi asanu ndi atatu, awiri pa silinda iliyonse. Amakaniko ena amasintha anayi akutsogolo okha n'kusiya akumbuyo, galimoto n'kumadukiza poyenda. Giyabokisi yake imadziwikanso ndi kutsetsemera ponyamuka, chifukwa ili ndi kilachi yonyamukira imene imafuna mafuta abwino nthawi zonse. Yachiwiri, ya 2007 mpaka 2013, anaiikira torque converter, chipangizo chonyamukira chogwiritsa ntchito mafuta m'malo mwa kilachi, ndipo vutolo linachepa kwambiri. Ya hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, imene inatuluka mu 2013 ili ndi giyabokisi ya makilachi awiri, ndipo kampani inaitanitsa magalimotowo kangapo kuti akonzedwe. Ngati thumba lanu ndi lopyapyala, imeneyo idutseni.

Apa mpamene Demio, makamaka ya 2007 mpaka 2014, imapambanira. Zambiri za 1.3 zili ndi giyabokisi yakale ya otomatiki ya magiya anayi. Imamwa petulo wochulukirapo pang'ono, kumbuyo n'kothina, buti ndi yaing'ono, koma giyabokisi yotereyi imapirira ndipo makaniko wamba amatha kuimasula n'kuikonza. Nissan March ya 2002 mpaka 2010 nayo nthawi zambiri ili ndi magiya anayi, kungoti tcheni cha injini yake chimatambasuka oyilo akamachedwa kusinthidwa.

Vitz, Fit ndi Mira zambiri zatsopanoko zili ndi giyabokisi ya otomatiki yotchedwa CVT. M'kati mwake mulibe magiya a mano osinthasintha. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amathina ndi kumasuka. Lambayo amagwira chifukwa cha mafuta apadera, ndipo kampani iliyonse ili ndi mtundu wake. Wina akathiramo mafuta a giyabokisi wamba, lamba amayamba kuterereka, amakanda mapule, ndipo zikafika pamenepo nthawi zambiri mumagula giyabokisi ina yathunthu. CVT yosamalidwa bwino imakhalitsa. Vuto ndi kudziwa zimene mwini woyamba ankathiramo, n'chifukwa chake kuiyesa kuli kofunika kuposa buku la sevisi.

Pokaona galimoto yoti mugule, pitani injini isanalizidwe tsiku limenelo, ndipo gwirani boneti kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Tembenuzani kiyi osaliza: nyali za injini, ABS ndi airbag ziyake zonse, kenako zizime injini ikalira. Nyali yosayaka n'komwe mwina babu lake anachotsa dala. Mvetserani masekondi oyambirira. Kulira kwa "tchakatchaka" kosatha msanga ndi tcheni. Ikani pa D, kenako pa R, phazi lili pa buleki, ndipo giya ilowe mosachedwa, popanda kugunda. Kaimeni pachitunda n'kunyamuka pang'onopang'ono. Galimoto ikatsetsemera, kapena injini ikakwera mawu liwiro lisakuwonjezeka ngakhale pang'ono, giyabokisi yadwala. Muyendetse mphindi zosachepera 20, chifukwa CVT zina zimaonetsa matenda mafuta akatentha.

Makilomita olembedwa pa dashibodi musawakhulupirire okha. Galimoto yoti yayenda makilomita 60,000 siingakhale ndi labala wa popondera buleki wosalala kapena chiwongolero chonyezimira chifukwa cha kugwiridwa. Kwezani kapeti wa m'buti muone pansi pa tayala lapadera ngati pali dzimbiri, madzi kapena zowotcherera zatsopano. Kenako makaniko wanu, osati wa wogulitsa, alumikize kompyuta yoyezera pansi pa chiwongolero. Zolakwika zikakhala kuti zangofufutidwa kumene, makinawo amaonetsa kuti mayeso a injini sanamalizike.