Bwemba, carob ndi Parkia: ma antioxidant ali mbali iti ya mtengo?

Mitengo itatuyi ndi ya banja limodzi ndi nyemba, ndipo kuyambira kalekale anthu amadya zipatso zake komanso kuchiza nazo matenda. Koma pa nkhani ya ma antioxidant, zija zimathandiza kuti maselo a m'thupi asawonongeke msanga, imasiyana kwambiri. Chodabwitsa nchakuti mbali imene ili ndi ambiri nthawi zina si imene timadya.

Tiyambe ndi bwemba. Ambiri amaganiza kuti kuwawasa kwake ndi vitamini C, pamene ndi tartaric acid; vitamini C muli wochepa zedi. Ma antioxidant ambiri a gulu lotchedwa polyphenol, monga procyanidin ndi epicatechin, ali m'kakhungu kofiirira ka nthanga, nthanga yomwe timalavula ija. Choncho mukamva kuti bwemba wachita bwino poyesedwa mu labu, funsani kaye kuti anayesa mnofu kapena nthanga. Mnofuwo uli ndi ntchito yake, umafewetsa m'mimba, koma kuumunga tsiku lonse mano amayayamira, ndipo asidi ameneyu amadya mano pang'onopang'ono.

Carob amalimidwa m'maiko a kudera la nyanja ya Mediterranean monga Portugal, Spain, Italy ndi Morocco. Makoko ake amawaumitsa, kuchotsa nthanga, kukazinga, nkusinja ufa wofanana ndi wa koko koma wopanda caffeine ndi theobromine. Apa ndiye kusiyana kwake ndi bwemba: ma antioxidant ake, gallic acid ndi tannin, ali m'khoko lomwe mukudyalo, sapita kudzala. Tannin yemweyo amamanga m'mimba, nchifukwa chake carob amamugwiritsa ntchito pa kutsegula m'mimba. Kungoti shuga ndi wochuluka, pafupifupi theka la kulemera kwa khoko louma. Wodwala matenda a shuga asanyengeke ndi mawu akuti "zachilengedwe".

Parkia biglobosa wa ku West Africa ndi wina. Nthanga zake amaziwiritsa maola ambiri, kuchotsa makungu, nkuzifundika masiku awiri kapena atatu kuti zisase. Zikatero ndiye dawadawa kwa a Hausa, iru kwa a Yoruba. Fungo lake ndi lamphamvu, woyamba kumene amabweza mphuno. Mabakiteriya a mtundu wa Bacillus amaphwanya mapuloteni nkumasula ma antioxidant otchedwa phenol amene anali omangika, motero zosasazo zimaposa nthanga zongowiritsa. Vuto ndi mlingo, poti amangoika pang'ono kuti chakudya chikome. Khungwa la mtengowu lili ndi tannin wambiri ndithu, koma khungwa ndi mankhwala a masiku ochepa, si chakumwa cha m'mawa uliwonse.

Tsono za manambala a mu labu aja. Kayesedwe kotchuka ka DPPH nkongothira madzi a chomera m'mankhwala a mtundu wa pepo nkuona mmene akusandukira achikasu. Izi zimachitika m'kabotolo, osati m'matumbo a munthu, ndipo ma tannin akuluakulu ambiri salowa nkomwe m'magazi. Mu 2012 unduna wa zaulimi ku United States unachotsa pa intaneti mndandanda wake wa ORAC, kayesedwe kena ka ma antioxidant a m'zakudya, ponena kuti manambalawo sasonyeza zimene zimachitika m'thupi ndipo amalonda ankawagwiritsa ntchito molakwika. Komanso tannin amatsekereza ayironi wa m'zomera kulowa m'thupi, ndiye wamagazi ochepa kapena mayi woyembekezera asamamwe zotere limodzi ndi chakudya.

Ine nditati ndisankhe chifukwa cha ma antioxidant okha, nditenga carob, poti zomwe anayesa ndi zomwe zimalowa m'kamwa. Ngati ndikufuna chakudya chomanga thupi, Parkia wosasa ndiye ali patsogolo ndi mapuloteni ake. Bwemba ndimamukonda kuposa onse awiriwo, koma chifukwa cha kukoma kwake basi.