Sukulu ya charter kapena ya m'dera: kusankha pulaimale ku New York

Sukulu ziwirizi n'zaulere. Ya m'dera imayendetsedwa ndi boma la mzinda, pomwe ya charter imalandira ndalama za boma koma woyendetsa ndi bungwe loima palokha, pa mgwirizano wosapitirira zaka 5.

Malo: ya m'dera imatenga mwana potengera kumene mukukhala, ya charter imachita maere ofunsira akachuluka, ndiye fomu ifike pasanadutse 1 Epulo.

Nthawi: ya charter kawirikawiri ana amaweruka mochedwa, ndipo yunifolomu imafunika.

Kukhalitsa: ya charter ikamalephera, akuluakulu amene anaipatsa mgwirizano akhoza kukana kuuwonjezera, sukulu n'kutsekedwa. Funsani kuti ukutha liti, komanso aphunzitsi angati anachoka chaka chatha.

Makolo oweruka madzulo, ya charter ingawapepukire. Ngati mwana amafunika chithandizo chapadera, yambani mwaona za m'dera.