Ufa wa glaze wa manganese, wofanizira mbale za Lucie Rie: nyenyezi 4 mwa 5

Ufawu ndi wopangira glaze (chopaka chimene chimasungunuka mu uvuni n'kukuta mbale yadongo) wokhala ndi mtundu wa chitsulo wotchedwa manganese. Umabwera m'thumba la kilogalamu imodzi, ndipo wogulitsa amati umatulutsa mkombero wonyezimira ngati mkuwa umene timauona pa mbale za Lucie Rie, mayi wa ku Austria amene anali katswiri woumba mbale. Umatulutsadi, koma osati potsatira kapepala ka m'thumbamo. Kapepalako kamati muviike mbale yowotcha kale, ndipo mukatero mumapeza mtundu wa khofi wosawala. Nyenyezi imodzi yachoka pamenepo.

Rie sankaviika. Anaphunzira kuumba ku Vienna kwa Michael Powolny, nathawira ku London mu 1938. Bernard Leach, woumba wotchuka wa ku Britain, ankaona kuti mbale zake n'zopyapyala kwambiri, koma woumba mnzake Hans Coper atabwera kudzagwira naye ntchito ku Albion Mews, kumene Rie ankaumbira ku London, mu 1946 anamulimbikitsa kusunga njira yake: kupaka ndi burashi padongo louma losawotcha, n'kuwotcha kamodzi kokha mu uvuni wamagetsi. Manganese amalumikizana ndi dongo lenilenilo, n'chifukwa chake mtunduwo suoneka ngati penti.

Sakanizani ufa ndi madzi mpaka ukhale ngati phala la mwana, musefe, kenako thirani gum arabic (ulimbo wochokera kumtengo) pang'ono kuti burashi isamakoke. Mbale ikhale youma ndithu. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu ikuzungulira pagudumu loumbira, ndipo dikirani kuti ulendo uliwonse uume. Mukafulumira, dongo limamwa madzi ndipo mlomo wa mbale umang'aluka. Mizere yokanda ya pa mbale za Rie, imene anaitengera ku mbiya zamakedzana zomwe anaona ku Avebury ku England, ikandeni ndi singano yachitsulo musanawotche. Apa ufawu ndi wabwino zedi, m'mphepete mwa mzere simuphotchoka.

Powotcha kwezani kutentha pang'onopang'ono mpaka madigiri 600 a Celsius, chifukwa dongo losawotcha limatulutsa nthunzi, ndipo mukathamanga glaze amachita matuza. Mtundu wa mkuwa uja umaoneka bwino cha pa madigiri 1250. Manganese amayenderera akasungunuka, choncho siyani sentimita imodzi pansi posapaka, apo ayi mbale imamatirira pashelefu ndipo kuichotsa n'kuiswa.

Fumbi lake ndi utsi wake n'zoipa m'thupi. Valani chotchinga mphuno posakaniza, ndipo uvuni ukhale pamalo podutsa mphepo. M'kati mwa mbale zodyera musapakemo, ufawu ndi wa mkombero ndi kunja basi.